Kaduwa Kofiira ndi Mendulo ya Ababa

Sabata imeneyo mwana wa mlongo wanga anandiimbira foni katatu, ndipo katatu konseko nkhani inali imodzi. "Ankolo, chonde, Lamlungu musakalankhule zambiri." Ine ndinkamukalipira kuti asandiphunzitse unkhoswe, ndinayamba kukhala pa nkhani za mabanja iye asanamere ndi dzino limodzi lomwe. Koma ndikangodula foni ndinkavomereza kuti akunena zoona. Ndimadzidziwa ndekha. Pakamwa panga sipachedwa, ndipo mtima wanga ndi wapachala.

Pa nthawiyo n'kuti nditangotha miyezi eyiti mu Dublin. Ndinabwera kudzagwira ntchito ya unesi pa chipatala china chachikulu, ndipo ndinkachita lendi kachipinda ku Clondalkin. Mtsikanayo anali atanditsogolera ndi zaka zitatu. Anabwera pa sikolashipu, namaliza maphunziro ake bwinobwino, kenako n'kupezana ndi mnyamata wa konkuno wokonza magetsi, wamtali, wamanyazi, woseka ndi maso okha. Mlongo wanga ali ku Zomba anandiuza pa foni kuti, "Achimwene, kumeneko maso anga ndinu, pakamwa panga ndinunso. Mwana wanga asakwatiwe ngati wotola." Ndikanakana bwanji? Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Vuto linali pa munthu mmodzi, agogo ake aamuna a mnyamatayo. Ndiwo anamulera bambo ake atamwalira, ndipo anali nkhalamba yosagwedezeka ikanena chinthu. Mkulu wake wa mnyamatayo atakwatira, agogowo anakana kupita ku ukwati chifukwa cha mkangano wina, ndipo kuyambira pamenepo awiriwo salankhulana. Ndiye mnyamatayo anauza mwana wathu mosabisa kuti amamukonda, koma sangathe kuwasweranso mtima agogo akewo kachiwiri. Akakana, iye adikira mpaka adzavomere. Kudikirako ndiye kunalibe malo, chifukwa mapepala a mtsikanayo okhalira m'dziko muno ankatha Khirisimasi ikangodutsa. Mkulu wokalambayo akapukusa mutu pokakumana naye Lamlungu limenelo, mwana wathu akwera ndege yekha, ukwati wathera pomwepo.

Ine ndinkaganiza kuti ndikudziwa chimene chingamukanitse. Ndinkati kaya ndi khungu lathuli, kaya aganiza kuti mtsikanayo akufuna mapepala chabe. Ndinkagona ndi maganizo amenewo, kudzuka nawo, mpaka tsiku lina mu wodi ndinayeza wodwala mmodzi kuthamanga kwa magazi kawiri osazindikira. Potsiriza ndinamanga mfundo yakuti mkuluyo aone ndi maso ake kuti sitinachokere kuthengo, kwathu kuli anthu a mbiri yawo.

M'sutikesi yanga munali kachitini ka mabisiketi kamene ndinachoka nako kumudzi. M'menemo munali mendulo ya malemu ababa, yolendewera pa kansalu ka mtundu wa biringanya kokhala ndi mzere wobiriwira pakati. Ababa anali msilikali woyenda pansi m'gulu la nkhondo la atsamunda, dziko lathu lisanalandire ufulu, ndipo anakafika mpaka ku nkhalango za ku Malaya. M'chitinimo munalinso kaduwa kofiira kapepala, kaja timati popi. Kwathu mwezi wa Novembala ukafika, akuluakulu a boma, owerenga nkhani pa TV, ngakhale abusa ena, amakabaya pachifuwa pokumbukira asilikali. Tili ana, ababa ankadzuka m'mamawa kupolisha nsapato mpaka kumadziona nkhope, n'kutitenga kupita ku chipilala cha asilikali. Lipenga likalira ankaima njo, ife n'kumadzimva kuti ndife ana a munthu.

Lamlungu lathulo linagwera mu Novembala momwemo. Ndinati basi, Mulungu wandikonzera. Mwambo wa kaduwaka unachokera kwa azungu, ndipo ine ndili kwa azungu, nanga pali ulemu wina woposa pamenepa? Sindinafunse munthu. Azungu onse ndinkawaika m'thumba limodzi. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lonse, nditamanga tayi.

Nkhoswe sayenda yekha, choncho ndinali nditapempha mnzanga wa ku Zambia, mkulu wa mpingo kumene ndimapemphera, kuti andiperekeze. M'mawa wa tsikulo anaimba kuti sabwera. "Mudala, pepani maningi, baniika pa shifiti, nizakangiwa kubwela." Munthu ameneyu wakhala kuno zaka zoposa teni. Akanangondiona pakhomo akanandivula kaduwako ndisanakwere ndi basi yomwe. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Ndinavala suti yanga yakuda, ndinabaya mendulo ndi kaduwa, pamwamba n'kuvala chijasi chochindikala, mabatani mpaka m'khosi, chifukwa kunja kunali kamvula ndi mphepo yolasa m'mafupa.

Mu basi, ndiponso mu Luas, sitima ya m'tauni muno, ndinaona kuti palibe ndi mmodzi yemwe wovala kaduwa kofiira. Mukuganiza kuti ndinadzidzimuka? Ayi ndithu. Ndinangoti anthu a masiku ano alibe mwambo, n'kumadzitama ndekha mumtima.

Mwana wa mlongo wanga anandichingamira pa siteji cha m'ma 2 koloko. Anandiyang'ana nsapato, anandiyang'ana tsitsi, n'kundichotsa kaulusi paphewa. "Mukumbukire, ankolo. Moni, tiyi, mawu ochepa, basi." Ndinamuuza kuti akhazike mtima pansi, zonse ndakonza. Za m'kati mwa jasi sanafunse, inenso ndinafuna kuti akadabwe pamodzi ndi eni nyumba.

Nyumba yake inali yaing'ono, ya njerwa zofiira, pa mzere wa nyumba zofanana zogundanagundana. Kumapeto kwa msewuwo kunali chimpanda chachitali chamiyala chimene sindinachilabadire. Anatitsegulira ndi mnyamata uja. Agogo ake anali ataima m'chipinda chochezera, munthu wamfupi wa zaka za m'ma eyite, atavala juzi yotuwa, kamakina kothandiza kumva kali m'khutu. Anandigwira dzanja mwamphamvu, nandiuza kuti ndalandiridwa, nyengo ndi yoipa, ndivule jasi ndikhale pafupi ndi hita. Zonse zinkalankhulidwa m'Chingerezi, ine ndikungozibweza m'chinenero chathu monga ndikuzikumbukira.

Mnyamatayo anandilandira jasi. Ndinakonza tayi, n'kutulutsa chifuwa.

Mnyamata uja anaima ndi jasi langa m'manja ngati wagwira chinthu chakufa. Mwana wa mlongo wanga anatseka pakamwa ndi dzanja, ndipo ndinamva akunong'ona m'Chichewa, "Mayo ine, ankolo, mwatani?" Ine ndinadziyang'ana, kuganiza kuti mwina zipi yatseguka. Nkhope ya mkuluyo inali itasintha, kumwetulira konse kutapita. Maso ake anali pachifuwa panga.

"Bambo," anatero mwapang'onopang'ono, "duwa limenelo silinakhalepo pansi m'nyumba muno."

Munthu wanzeru akanapepesa, n'kulichotsa, nkhani n'kutha. Koma ine magazi anathamangira kumutu. Ndinamva ngati akunyoza ababa, munthu amene anagona m'matope a dziko la eni mpaka miyendo inawavuta moyo wawo wonse. Ndinayankha mokweza kuti duwalo ndavalira bambo anga, msilikali amene sanapondepo dziko lino, sanalakwire munthu wa kuno ndi mmodzi yemwe, ndipo kwathu mlendo sitimulandira pomuuza chovala. Mwana wa mlongo wanga anandiponda phazi mpaka ndinamva kuwawa. Mawu anali atatuluka kale. Ndinadziwa kuti ndaphwanya chinthu chimene ndinatumidwa kudzanyamula.

Mkuluyo sanakweze mawu. Anati, "Msilikali wa gulu liti?" Nditamuuza anagwedeza mutu ngati munthu amene akudziwa kale. Kenako anati ndimutsatire. Tinalowa tonse anayi m'kachipinda ka kuseri, kopapatiza, konunkha mapepala akale. Pa mashelefu panali mabokosi a nsapato ambirimbiri, lililonse lodzaza ndi timakhadi tolembedwa pamanja. Mnyamatayo anandiuza chapansipansi kuti iyi ndiyo ntchito ya agogo ake chipumireni pa ntchito yoyendetsa mabasi.

Anandilozera pa windo chimpanda chamiyala chija. Anati kale imeneyo inali barakisi. Pa nthawi imene dziko lino linkamenyera ufulu wake, munkakhala gulu lina la asilikali oyenda pansi lochokera ku Mangalande. Anafotokoza mbiri yake ngati munthu wowerenga mayina a abale ake: dera limene gululo linkalembera anyamata, m'mene linabwerera pa sitima yapamadzi, ena atangochoka ku nkhondo yaikulu yoyamba ya dziko lonse mitu isanakhazikike, ena ali ana osayamba n'kumeta komwe ndevu. Ankayenda m'malole otchingidwa ndi waya, kutseka misewu, kugogoda m'makomo, kung'amba matiresi pofuna mfuti. Khadi lililonse linali la munthu mmodzi wa gululo: kumene anabadwira, udindo wake, tsiku limene anali pa msewu uti.

"M'mawa wina anagogoda pa chitseko mwalowera chija," anatero. "Bambo anga anali mnyamata. Anawaimika kukhoma manja m'mwamba, n'kutenga mkulu wawo. Madzulo ake banja linauzidwa kuti wawomberedwa pothawa. Munthu wake anali wotsimphina mwendo chibadwire, sankatha kuthamangira ngakhale basi. Bambo anga anakalamba akugona ndi nsapato kumapazi. Ndiye mwezi uno ukafika, anthu akavala duwa limenelo kukumbukira asilikali a mfumu ya ku Mangalande, amakumbukira ndi awa omwe." Anagogoda bokosi limodzi ndi chala.

Miyezi eyiti yonse ndinkadutsa pa zipilala za m'tauni muno, ndinkamva odwala akutchula za nkhondo ya ufulu, koma sindinaziike pamodzi ndi kaduwa kanga. Ndinakachotsa msangamsanga, phini n'kundibaya chala. Ndinayamba kupepesa, koma mkuluyo anakweza dzanja. Anali asanathe.

Anati nkhondo ya ufuluyo itatha, gululo linaguba kupita ku doko ng'oma zikulira, ngati palibe chinachitika. Akuluakulu ake anamwazikana m'maiko ena a mfumu kukapitiriza ntchito yomweyo. Anatulutsa makhadi angapo n'kundipatsa. Pansi pa lililonse panali dzina lakale la dziko lathu, lolembedwa ndi inki yabuluu. Anthu amene anagogoda pa chitseko cha nyumba ino, ena mwa iwo anapita kwathu kukaphunzitsa anyamata akuda kuguba ndi kuwombera. Sindikudziwa ngati mmodzi wa iwo anaphunzitsa ababa kapena amene anaphunzitsa ababa. Ababa ankangowatchula azungu awo ndi mayina achipongwe, mayina enieni sindinawamvepo.

Kenako anavala magalasi n'kuweramira pa mendulo. "Iyi ndimaidziwa," anatero. "Si ya nkhondo yaikulu ayi. Iyi ankapereka kwa otumidwa kukakhazika chete anthu ofuna kudzilamulira. Tandiuzani, bambo anu atabwerako ku nkhalangoko, kwanu kutayamba kutentha, anali mbali iti ya chitseko?"

Mwana wa mlongo wanga analowererapo msanga. Anati agogo ake anali ophika chabe, ankaphikira asilikali, mfuti sankaigwira. Kenako, osandiyang'ana, anati m'Chichewa, "Ankolo, ingovomerani. Chonde. Ingoti eya."

Linali bodza lopepuka, ndipo iye analipeka pomwepo chifukwa cha mantha. Zoona zake sankazidziwa. Mlongo wanga yemwe sankazidziwa. Ndinkazidziwa ndine ndekha, ndipo ndinali nditazisunga zaka zoposa twente.

Ababa atadwala matenda awo omaliza, ine n'kuti ndili pa sukulu ya unesi, ndiye ntchito yowasambitsa inali yanga. Masana ena ndikuwapukuta kumsana, iwo atayang'ana kukhoma, anayamba kulankhula okha. Anati ufulu uli pafupi, boma la atsamunda linayamba kumanga anthu a ndale, ndipo gulu lawo linatumidwa pa boma lina m'dziko lathu lomwe. Anthu anasonkhana kudzafuna abale awo omangidwa, amuna, amayi, ena ana kumbuyo. Ankalankhula chinenero chimene ababa ankachimva. Mzungu analamula kuti abalalike, iwo osasuntha. Analamulanso, kenako anati womberani. "Ndinatsinzina, mwana wanga," anatero ababa. "Chala chinakoka. Kaya ndinaloza kumwamba, kaya ndinaloza anthu, sindikudziwa. Nditatsegula maso panali nsalu ya mayi wina pansi, ndi anthu ogona." Atatero anandiuza kuti madzi azizira, ndifulumire. Sanadzaibwerezenso nkhaniyo, ndipo Novembala wotsatira n'kuti atapita.

Ndinaima m'kachipinda kaja nkhani imeneyi ili pakhosi. Ndikati eya, anali ophika, mwina tidutsa. Koma munthu amene wazindikira mendulo ndi kansalu kake kokha, amene watha ukalamba wake akufukula mabodza a m'mapepala a asilikali, angapusitsidwe ndi ine? Akandigwira bodza tsiku loyamba, adzakhulupirira chiyani za mwana wathu? Ndikanena zoona, ndiye kuti ndamuuza kuti mdzukulu wake akukwatira m'banja la anthu aja ogogoda pa zitseko. Uku moto, uku moto. Ndinayang'ana mtsikanayo, maso ake atadzaza misozi, akundipempha. Kunena zoona, ndinachita mantha kuposa tsiku lililonse la moyo wanga.

"Sanali ophika," ndinatero. Mawu anga anatuluka aang'ono ngati si anga. Ndinafotokoza zonse monga anandiuzira ababa, beseni, khoma, lamulo la mzungu, kutsinzina, nsalu ya mayi uja. Sindinawonjezere, sindinachotsere. Ndinati sindikudziwa ngati ababa anapha munthu, iwonso anafa osadziwa. Ndinati chaka chilichonse ankapolisha nsapato n'kukaima njo pa chipilala, ndipo ine ndili mwana ndinkayesa kuti akunyada, koma tsopano sindikudziwa chimene ankaona lipenga likamalira.

Mkuluyo anatenga makhadi ake m'manja mwanga, anawabwezera m'bokosi limodzilimodzi pamalo pake, n'kutuluka. Tinamva chitseko cha kukhitchini chikutsekeka. Mnyamatayo anatiyang'ana, n'kutsatira agogo ake.

Tinabwerera m'chipinda chochezera awiriwiri. Mwana wa mlongo wanga anakhala kumapeto kwa sofa, kutali nane. "Mwandiphera ukwati," anatero osakweza mawu. "Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha. Ndipo za agogozo, mwasankha kundiuza lero, pamaso pa anthu?" Kaduwa kaja kanali m'dzanja langa, katanyowa ndi thukuta, chala chikutuluka timagazi. Pakhoma panali wotchi yaikulu, ndipo ndinaiyang'ana mpaka inadya mphindi twente. Kukhitchini kunkamveka ketulo, kenako mawu apansipansi, kenako zii. Ndinayamba kukonza m'mutu mawu okauza mlongo wanga, kuti achemwali, mwana wanu akubwera, ndamubweza ndine ndi pakamwa pangapa. Chiganizo chilichonse chinkandithera panjira.

Chitseko chinatseguka. Analowa mnyamata uja ndi thireyi, kumbuyo kwake agogo ake atanyamula tiipoti ndi manja awiri. Ndinawerenga makapu. Anali folo. Mtima unatsikako pang'ono, koma ndinadziuza kuti anthu a kuno amatha kukupatsa tiyi akukuthamangitsa.

Mkuluyo anathira tiyi yekha, osalola kuthandizidwa. Atakhala pansi anati kwa zaka zambiri wakhala akulembera makalata ana ndi adzukulu a asilikali a m'mabokosi aja. Ankangofuna mmodzi amuuze chimene chinachitika m'mawa uja, kapena m'mawa wina uliwonse wofanana nawo. Ambiri sanayankhe. Ena anamutumizira zithunzi za agogo awo atavala yunifolomu, n'kulemba kuti anali munthu wabwino, wokonda maluwa ndi agalu. "Onse anali ophika," anatero, n'kuyang'ana mwana wathu. Mtsikanayo anagwetsa nkhope. "Usachite manyazi, mwana wanga, unkateteza nyumba yako. Koma amalume akowa ndi munthu woyamba kulowa muno ndi mendulo pachifuwa n'kunena kuti chala chinakoka."

Sindinadziwe ngati kumeneko n'kuvomera kapena ayi. Ndinaika kapu pansi. Ndinati, "Bambo, ine ndinatumidwa. Mlongo wanga ali kutali, ndiye ndabwera m'malo mwake kudzamva ngati nyumba ino ikumulandira mwana wathu. Ndalakwitsa polowa, ndalakwitsanso poyankha. Koma mwanayu sanalakwe kanthu." Amenewo ndiwo mawu onse a unkhoswe amene ndinalankhula tsiku limenelo, ine amene ndinakonzekera ulaliki wa theka la ola.

Anandifunsa kuti udindo wangawu ndi wotani kwenikweni. Ndinamufotokozera kuti kwathu ukwati sukhala wa anthu awiri okha. Mbali iliyonse imaika munthu wake, ndipo ana akayambana amapita kwa anthu awiriwo, iwo n'kukhala pansi kumva zoona zake, osakondera wawo. Anazunguliza supuni m'kapu.

"Ndiye kuti mbali ya kuno ikufunika munthu," anatero. "Ndikhala ineyo, ngati Mulungu andisunge. Ndi inu ndingathe kugwira ntchito imeneyo." Kenako analoza dzanja langa. "Menduloyo isiyeni pomwepo, ndi ya bambo anu. Koma duwalo likhale m'thumba, ndipo pa ukwati lisabwere."

Mnyamata uja anatulutsa mpweya ngati tayala lobooka. Mwana wa mlongo wanga analira, kulira kwenikweni kwa mamina, mkuluyo n'kumupatsa kansalu kake ka m'thumba. Ndinamwa tiyi wozizira, ndinadya keke yowuma imene sindinaimve kukoma, n'kumangoti zikomo, zikomo, ngati munthu wopenga.

Pobwerera, mnyamatayo anatsala ndi agogo ake, ife awiri tinakwera Luas kunja kukuyamba kuda. Mtsikanayo anakhala moyang'ana pa windo masiteji atatu. Kenako anafunsa, "Amayi akudziwa?" Ndinati ayi. "Chithunzi cha agogo chija chili pabalaza, amachipukuta Loweruka lililonse," anatero. Ndinati ndikudziwa.

Tisanafike potsikira foni yanga inalira. Anali mlongo wanga, pa vidiyo, nkhope yake itadzaza sikirini yonse, kumbuyo kwake khoma la pabalaza la kwathu. Anali atadikira tsiku lonse osadya. "Achimwene, tandiuzani msanga, mtima wanga uli m'mwamba!" Ndinamuuza kuti avomera. Analuluta mpaka anthu a mu Luas anatembenuka, mayi wina wachizungu n'kuseka. Kenako anaona pachifuwa panga, pamene jasi linatseguka.

"Aa, mwavala mendulo ya ababa! Anaiona?"

"Anaiona," ndinatero.

"Ndinadziwa ine! Ndinadziwa kuti akaona imeneyo azindikira kuti si ife anthu wamba. Ababa atitsogolera, achimwene. Ali kumandako akumenyerabe nkhondo ana awo."

Mwana wake anandiyang'ana, kudikira kuti nditi chiyani. Ine amene ndinali nditangonena zoona m'nyumba ya mlendo, pamaso pa munthu amene ndinamudziwa kwa maola awiri okha, ndinayang'ana mlongo wanga wa bere limodzi akupukuta misozi ya chimwemwe ndi chitenje.

"Eya, achemwali," ndinatero. "Atitsogolera."

Ukwati unachitika Khirisimasi isanafike, ndipo mkulu uja anakhala kutsogolo atavala suti yake yakale. Kaduwa kaja kali m'chitini mpaka lero. Kumudzi ndapitako kawiri chichitikireni zimenezi, ndipo maulendo onse awiri ndakhala pabalaza paja, pansi pa chithunzi cha ababa, ndikumwa tiyi ndi mlongo wanga. Sindinamuuzebe.